Phunziro la Mwezi Uno: Gulugufe Wamwamuna ndi Wamkazi

Kuwerenga: Genesis 1:20-25

Tonse timaona agulugufe m'dimba, koma ndi angati a ife amene amasiyanitsa wamwamuna ndi wamkazi? Nkhaniyi ikukhudza nkhokwe zathu, pakuti amene amaikira mazira ndi wamkazi, ndipo m'mazirawo ndi momwe mumatuluka mbozi.

Zizindikiro zake

Agulugufe amene amaunjikana pamatope kumadabo, ambiri amakhala aamuna, akumwa timchere ta m'dothi. Wamkazi amakhala ndi mimba yonenepa chifukwa cha mazira. Amatera pa tsamba, nkupinda mimba yake, nkuikira. Pa gulugufe wamtundu wa lalanje uja, wansonga zakuda zamaangamaanga oyera, werengani madontho akuda pakati pa phiko lakumbuyo: wamwamuna ali nawo 4, wamkazi 3.

Gulugufe wausiku amene amatisowetsa mtendere

Mbozi za ntchemberezandonda zimene zidaoneka koyamba mu Africa m'chaka cha 2016 zimachokera kwa gulugufe wouluka usiku. Mu Disembala 2017 boma lidalengeza kuti maboma 20 a dziko lino agwa m'ngozi chifukwa cha mbozizi. Wamwamuna ali ndi banga loyera kunsonga kwa phiko lakutsogolo. Wamkazi ndi wotuwa chabe, wosaoneka msanga, koma ndiye woopsa. Amaikira mazira 100 mpaka 200 pamalo amodzi pa tsamba la chimanga, nkuwaphimba ndi kaubweya kotuwa. Kukamatentha, mazirawo amaswa pakangotha masiku awiri kapena atatu.

Tichitenji?

Ife amene tidagwirapo ntchito m'chipatala tidaona kuti mwana wobwera naye msanga ndiye amachira msanga. N'chimodzimodzi ndi munda: kupewa kumaposa kuchiza. Chimanga chikamera, tiziyendera munda kawiri pa sabata m'mamawa, tikutembenuza masamba. Tikapeza mazira, tiwatswanye ndi zala. Mbozi zikalowa kale kunsonga kumene kumatulukira masamba atsopano, tithiremo mchenga kapena phulusa, ndipo tidziwitse alangizi a zaulimi. Koma tisamaphe gulugufe aliyense. Ambiri samadya chimanga, ndipo amathandiza kuti maluwa abereke.

Mafunso okambirana

1. Kodi pakati pathu alipo amene adaonapo mazirawa m'munda mwake?
2. Ndani adzayendera minda ya amayi okalamba ndi odwala a m'mpingo mwathu chaka chino? Tilembe maina tisanabalalike.

Tipemphere

Mulungu Mlengi wa zonse, tipatseni maso openya tinthu tating'ono, kuti ana athu asagone ndi njala. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.