Phunziro: Mtunda wa Pandege Pakati pa London ndi New York

Ophunzira, mzinda wa London uli ku Britain, ku Ulaya, ndipo wa New York uli ku United States, ku North America. Pakati pa mizinda iwiriyi pali nyanja yaikulu ya Atlantic. Lero tiona mmene mtunda wa ulendowu umayezedwera.

1. Tiyambe ndi tanthauzo. Mtunda wa pandege ndi utali wa njira yachidule kwambiri yolumikiza malo awiri pamwamba pa dziko lapansi. Kuchokera ku London kukafika ku New York ndi makilomita pafupifupi 5,570.

2. Dziko lapansi ndi lobulungira, koma mapu a papepala ndi afulati. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Tengani gulobu, womwe ndi mpira wojambulidwa maiko onse. Ikani nsonga ya ulusi pa London, ina pa New York, ndipo mukoke ulusiwo mpaka ukungike. Mudzaona kuti wadutsa ku Ireland, kumpoto kwa Atlantic, ndi ku Newfoundland m'dziko la Canada. Njira imeneyi akatswiri amaitcha great circle. Mukaijambula pa mapu afulati, monga amene Gerardus Mercator anakonza mu 1569, imaoneka yokhota ngati uta, chonsecho ndiyo yaifupi koposa. Khulupirirani gulobu, mapu afulati amanamiza maso.

3. Oyendetsa ndege ali ndi muyeso wawo wotchedwa nautical mile, womwe ndi mamita 1,852. Pa muyeso umenewu, ulendo wathu ndi pafupifupi 3,000.

4. Liwiro ndi mtunda umene chinthu chimayenda pa ola limodzi. Ndege zikuluzikulu zonyamula anthu zimayenda makilomita pafupifupi 850 pa ola. Gawani 5,570 ndi 850, mupeza maola pafupifupi 6 ndi theka. Komatu imeneyi ndi samu ya pabolodi chabe, chifukwa sinawerengere kunyamuka, kutera, ngakhalenso mphepo.

5. Mphepoyo ndiyo ikufunika kuimvetsa bwino. M'mwamba, makilomita pafupifupi 10 kuchokera pansi, mumaomba mphepo yamphamvu yotchedwa jet stream, yochokera kumadzulo kupita kum'mawa. Ndege yochokera ku New York imakankhidwa ndi mphepoyi, ndipo imafika ku London m'maola pafupifupi 7. Yochokera ku London imalimbana nayo, choncho imatenga maola pafupifupi 8. Mizinda sinasunthe, mtunda ndi womwewo, koma nthawi yasiyana. N'chifukwa chake nthawi zina oyendetsa ndege amapatuka dala pa njira yachidule ija, kuti atsate mphepo yowathandiza kapena azembe yowabweza m'mbuyo.

6. Pomaliza, dziwani kuti nthawi zambiri wotchi ya ku New York imatsalira ndi maola 5 poyerekeza ndi ya ku London, ndipo nthawi yolembedwa pa tikiti imakhala ya mzinda umene watchulidwawo.

Nayi ntchito yanu. Ndege yanyamuka ku London 10 koloko m'mawa ndipo yauluka maola 8. Kodi ikamatera, wotchi ya ku New York ikhala ikuti chiyani? Lembani yankho m'kope mwanu, ndipo muonetse mmene mwalipezera.