Foni Imadziwa Bwanji Chala Changa?

Funso: Ndimagulitsa nthochi pamsewu wa Great East ku Nyimba. Ndikakhudza galasi la foni ndi chala imamva, koma ndi kamtengo ayi. Manja akanyowa imachita misala. Chimachitika n'chiyani?

Yankho: Mayi, pansi pa galasilo anapakapo kansalu kopyapyala kwambiri ka indium tin oxide, kosakaniza indium, tini ndi okosijeni. Kuti kafike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi mungafunike kusanjikiza tinsalu totere mazanamazana. Chodabwitsa chake n'chakuti kuwala kumadutsamo ngati palibe kanthu, komanso magetsi amayendamo. Zinthu zambiri sizitha zonse ziwirizi nthawi imodzi.

Thupi lanu lili ndi madzi ndi mchere, motero limatenga magetsi. Chala chikayandikira, chimasokoneza pang'ono magetsi a pamalopo, foni n'kuzindikira pomwe mwakhudza. Kamtengo kouma sikangatero. Dontho la madzi nalo limatenga magetsi, ndiye foni imaliyesa chala china.



Musathamangire kwa okonza mafoni ku Petauke. Pukutani manja ndi galasilo ndi kansalu kouma, foniyo ilibe vuto.