Nankafumbwe Wamkulu M'nkhokwe za ku Mughese

Anthu a ku Mughese, m'mapiri a Misuku, amdziwa nankafumbwe kuyambira kale. Koma alipo wina, nankafumbwe wamkulu, amene makolo sanamuone, ndipo ndiye woononga koposa.

Kwao kwa kachilombo aka ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nako. Kanaoneka ku Tabora, m'dziko la Tanzania, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kumeneko anakatcha dumuzi. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 kanalowa m'Malawi kudzera kumpoto. Kamauluka ndithu, koma maulendo aatali kamayenda m'matumba a chimanga ndi makaka amene anthu amasenza okha. Mtsinje wa Songwe sukaletsa konse.

Kukazindikira sikovuta. Ndi koderako, kotalika ngati mamilimita 4, kumbuyo kwake kuli ngati kodulidwa ndi mpeni, ndipo kalibe mlomo wautali ngati wa nankafumbwe wamba. Chizindikiro chachikulu ndi ufa wambiri wogwera pansi pa chimanga. Kamaboolanso mitengo youma ya nkhokwe ndi kubisala m'menemo kufikira zokolola zatsopano zitalowa.

Pali mau amene akuluakulu ena sawalandira msanga. Kusunga chimanga chosatonola, chili ndi makoko ake, kunali nzeru pa nankafumbwe wakale. Koma kwa mlendoyu ndiko kumamthandiza, pakuti njere zikakhala pa chitsononkho sizigwedezeka, ndipo iye amaboola bwino, kuchoka pa njere ina kulowa pa inzake. Chifukwa chake chimanga chiyenera kuuma bwino ndi kutonoledwa. Pamenepo mlimi athire mankhwala a Actellic Super monga mwa muyeso umene mlangizi wa zaulimi amuuza, kapena asunge m'matumba a PICS osalowa mpweya, m'mene kachilomboka kamafa kokha. Nkhokwe isesedwe, zotsala za chaka chatha zitenthedwe, ndipo matumba akale aviikidwe m'madzi owira.

Miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, ndiyo yofunika kuchenjera, pakuti mabanja ambiri amagula chimanga chochokera kutali. Wogula apise dzanja mpaka pansi pa thumba. Likatuluka ndi ufa, thumba limenelo lipite kuchigayo tsiku lomwelo, lisagone pafupi ndi chakudya cha m'nyumba.

Aphunzitsi angachite bwino kuika mitundu iwiriyi m'botolo lotseka ndi kuonetsa ana m'kalasi, pakuti anawo ndiwo amatumidwa kukatapa chimanga m'nkhokwe.