Phulusa, dzuwa ndi chivundikiro: ukhondo wa kukhitchini m'chigwa cha Luangwa

Mwezi wa Okutobala ukafika m'boma la Mambwe, ndiwo za m'mawa sizifika madzulo. Kutentha kumadutsa madigiri 40, nyemba zimayamba kuchita thovu dzuwa lisanapendeke, ndipo ntchentche zimamva fungo mwini mphika asanadziwe. Nthawi yomweyi madzi amakhala atasowa. Mtsinje wa Lupande umasanduka mchenga, amayi nkumafukula pakhwawa kapena kuima pamzere kumjigo kuyambira mbandakucha. Sopo nayenso amafuna ndalama. Tsono malangizo amene amatuma munthu kukagula mabotolo asanu a mankhwala m'sitolo za ku Chipata sangathandize mayi wa kwa Mnkhanya, kwa Msoro kapena kwa Malama. Ine ndiyambira pa zimene zili kale pakhomo panu.

Choyamba ndi phulusa, ndipo kuchigwa kuno tili ndi mwayi. Nkhuni za tsanya, mtengo umene ambiri kuno amati mupani, zimayaka pang'onopang'ono nkusiya phulusa loyera ngati ufa woyera. Mayi aliyense wodziwa kutcheza chidulo amaidziwa mphamvu yake: madzi odutsa m'phulusa amaterera m'zala ndipo amafewetsa therere. Mphamvu yomweyo ikakumana ndi mafuta otsalira mumphika imawasungunula nkukhala ngati sopo. Ndi chifukwa chake agogo athu ankatsuka mbale zamafuta nkuyera mbee opanda sopo wa Boom.

Phulusa likazizira, lisefeni kuti muchotse makala ndi timiyala, nkulisunga m'chitini chovundikira pamalo ouma. Potsuka, yambani mwapala zotsalira zonse. Thirani mumphikamo madzi otentha pang'ono ndi phulusa lodzaza dzanja limodzi, mutakase kuti likhale ngati phala, nkulisiya kwa mphindi 10. Kenako kwechani ndi chinkhupule kapena chitsononkho, mutsukuluze ndi madzi oyera kawiri. Poto wa nsima asamakuvuteni: mukangoomola, thiranimo madzi, nkhoko zidzanyowa zokha inu mukudya. Ndinaonapo agogo ena kwa Kakumbi akumata dothi losakaniza ndi phulusa kunja kwa poto asanamuteleke pamafuwa. Atatha kuphika anangothira madzi, mwaye wonse nkutsika pamodzi ndi dothilo, poto nkutsala akuwala. Njira imeneyi imapulumutsa nthawi, sopo ndi zala zomwe.

Koma phulusa lili ndi malamulo ake. Musalisiye usiku wonse mupoto wa aluminiyamu, chifukwa limamudetsa ndi kumudya. Likakhalitsa m'manja limang'amba khungu, choncho sambani mukangomaliza. Ndipo phulusa la pamoto umene mwatenthapo mapulasitiki, mabatire kapena mapepala a mankhwala lisayandikire chiwiya chodyera. Mchenga ndi wabwino kunja kwa poto kokha. Pa mbale za pulasitiki umasiya timikwingwirima tosaoneka, m'menemo ndi momwe litsiro limabisala.

Fungo la nsomba likakanirira pa mpeni kapena pa thabwa lodulirapo, pakanipo ndimu ndi mchere. Ndimu akasowa, bwemba woviika m'madzi amagwira ntchito yomweyo, ndipo mitengo ya bwemba m'chigwa muno siisowa. Soda yophikira therere, supuni imodzi m'madzi ofunda, imachotsa fungo m'chigubu ndi m'fulasiki. Zonsezi zimachotsa fungo, zowawasazo nkuchotsanso dzimbiri, koma musaziyese mankhwala opha tizilombo m'madzi akumwa.

Chachiwiri ndi dzuwa, limene timalidandaula tsiku ndi tsiku koma pa ntchito iyi ndi bwenzi. Mbale yotsuka bwino ikapukutidwa ndi kansanza kamene kakhala konyowa kuyambira dzulo, ntchito yonse yapita pachabe. Mangani thandala lofika m'chiuno kapena kupitirirapo, pamalo owomba dzuwa, pomwe mbuzi, agalu ndi nkhuku sizingafikire. Ziwiya muziziika chozondotsa kuti madzi akhe. Mthiko ndi chipande zimafuna dzuwa kwambiri popeza mtengo umamwa madzi, ndipo chikang'ambika chisintheni, chifukwa nsima yolowa mumng'alumo simungaichotse. Dzuwa likamalowa lowetsani zonse m'nyumba. Kuno fisi amanyamula poto wonunkhira mafuta, ndipo akazolowera pakhomo, mawa adzafuna mbuzi.

Pa nkhani ya madzi ndikhalitsapo, chifukwa mbale yoyera siipindula kanthu ngati madzi a mumtsuko ali oipa. Kolera amene anabuka ku Lusaka mu Okutobala 2023 anagwira anthu oposa 20,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 700. Bwalo la National Heroes linasanduka chipatala, sukulu nkuchedwa kutsegula mpaka Febuluwale 2024. Matenda amenewa amayenda m'madzi ndi m'manja, ndipo kuchigwa kuno mvula ikakula, madzi osefukira amalowa m'zimbudzi nkutulukira m'zitsime.

Madzi a pamjigo nthawi zambiri amatuluka ali abwino, amaipira panjira ndi kunyumba. Masamba oponya mundowa kuti madzi asakhavukire, zala zogwira m'mphepete posenza, kapu imodzi yotungira ndi kumwera banja lonse, zonsezi ndi makomo a matenda. Sungani madzi akumwa m'chigubu chapakamwa pang'ono, kuti aziathira osati kuvuula. Ngati muli ndi mtsuko, popeza ndi umene umaziziritsa madzi m'chilimwe, ukhale ndi chivundikiro ndi chikho chake chachigwiriro chachitali, chopachika pamsomali, chimene munthu samwera. Thirani mankhwala a Clorin motsata muyeso wolembedwa pabotolo, mukhutchumule, nkudikira mphindi 30 musanamwe. Clorin akasowa, wiritsani madziwo mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu. Pali njira inanso yosadya nkhuni: dzazani madzi oyera m'botolo la pulasitiki loonekera mkati, la malita awiri kapena kucheperapo, nkuligoneka padenga la malata kwa maola 6 dzuwa likuswa mtengo. Kukachita mitambo, likhale masiku awiri. Madzi amatope a mumtsinje ayambe adikha ndi kusefedwa pa nsalu yoyera, chifukwa klorini ndi dzuwa sizigwira bwino m'madzi akuda.

Kwa alimi a thonje ndili ndi pempho lapadera. Botolo kapena chigubu chimene munali mankhwala opopera m'munda chisasanduke chosungira madzi, mchere, mafuta kapena mkaka, ngakhale mutachitsuka kakhumi. Poizoni amalowerera m'pulasitikimo nkumatuluka pang'onopang'ono. Chitsukuluzeni katatu kumunda komweko, madziwo athiridwe m'pampu yopopera, kenako muchiboole kuti wina asachitole. Chimodzimodzi amene mumagwiritsa ntchito Jik: musamusakanize ndi viniga, ndimu kapena mankhwala ena alionse, chifukwa amatulutsa mpweya wootcha m'mapapo. Muzimusungunula ndi madzi okha, ndipo azikhala pamwamba pomwe mwana sangafikire.

Nanga madzi otsukira mbale atayidwe kuti? Ambiri timangowakhuthula pakhomo la khitchini, pakapita sabata pali chithaphwi cha ntchentche ndi udzudzu. Kumbani kadzenje kofika m'bondo kapena kupitirira, kutali ndi chitsime, mudzazemo miyala ndi zidutswa za njerwa, madzi azilowa pansi. Madzi otsukuluzira amene alibe sopo wambiri thirirani mitengo. Kutsukira mumtsinje weniweni ndikukukanizani: sopo ndi mafuta amapita kwa anzanu otunga kumunsi, komanso ng'ona za mu Luangwa zimadziwa dooko limene anthu amabwerapo nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Tungani, mukatsukire kumtunda.

Dzala la kuno silingafanane ndi la ku Katete kapena ku Petauke. Ife tili m'malire a paki ya South Luangwa, ndipo midzi yambiri ili m'dera la Lupande momwe anthu ndi nyama amapondana mapazi. Makoko a mango, a maungu ndi madeya otayidwa poyera amaitana anyani masana, njovu usiku. Njovu ikalawa chakudya pakhomo imabweranso, ndipo ulendo wachiwiri imayang'ana nkhokwe. Choncho dzala likhale patali ndi nyumba yogona, ndipo madzulo alionse muzithira phulusa ndi dothi pamwamba pa zimene mwataya tsikulo. Fungo limazirala, ntchentche siziikira mazira, ndipo pakapita miyezi mumapeza manyowa a kudimba. Nyengo ya mango tolani ogwa pansi dzuwa lisanalowe. Amene angathe, amange felumbu, nkhokwe ya njerwa ndi simenti imene bungwe la Conservation South Luangwa lakhala likuthandiza anthu kumanga, popeza njovu imalephera kuiswa. Mapulasitiki, mabotolo osweka ndi mabatire akhale ndi dzenje lawolawo, ndipo pulasitiki musamakolezere moto wophikira, utsi wake ndi woipa.

Mphemvu, nyerere ndi makoswe zimatsata chakudya. Sesani nyenyeswa mukatha kudya, ufa ndi shuga zikhale m'ndowa zotseka, ming'alu ya pansi ndi ya m'zipupa muizire. Miyendo ya kabati ikhale m'tizitini ta madzi, nyerere sizidzakwera. Makoswe atchereni msampha kapena diwa, kapena wetani mphaka. Chimene chimandipweteka mtima ndi kuona anthu akuwaza mankhwala a thonje m'khitchini kapena kuthira poizoni mumkute kuti aphe makoswe. Khoswe wofa ndi poizoni amadyedwa ndi mphaka, galu kapena kadzidzi, amene akanakuthandizani kupha makoswe ena. Ndipo mwana wokwawa sasiyanitsa mkute wa makoswe ndi wake.

Utsi nawonso ndi litsiro, kungoti umadetsa m'chifuwa. Mayi amene amaphika m'khitchini yopanda zenera, mwana ali kumsana, onse awiri amaupuma tsiku lonse. Boolani zenera kumbali ziwiri, gwiritsani nkhuni zouma, ndipo kolopolani mwaye wa kudenga usanayambe kugwera m'ndiwo. Chitofu chosadya nkhuni zambiri, chonga chimene a bungwe la COMACO amalimbikitsa pamodzi ndi mitengo ya gliricidia, chimapsetsa nsima ndi tinthambi tochepa, mupani nkutsala chiimire.

Nyama yaiwisi ndi nsomba zikhale ndi thabwa kapena mbale yakeyake, ndipo mpeni utsukidwe musanadulire tomato. Nyama ya chinthu chodzifera, kaya ndi ng'ombe kaya ndi mvuu, isalowe m'khitchini mwanu. Mu 2011 ku Chama, kumtunda kwa chigwa chomwechi, anthu mazana anadwala anthrax atadya ndi kugwira nyama ya mvuu zodzifera, ndipo ena anamwalira. Mkute ndi ndiwo zogona zitenthetsedwe mpaka zitawira bwinobwino. Kungozifunditsa sikukwanira.

Zonsezi zimathera m'manja. Mwambo wosamba m'beseni limodzi tisanadye, kuyambira abambo mpaka mwana wotsiriza, umasiyira wamng'onoyo litsiro la onse. Thiriranani madzi ndi jagi, beseni lingolandira. Pafupi ndi chimbudzi ndi pakhomo la khitchini imikani mpondagiya: mitengo iwiri yamphanda, wina wopingasa, kachigubu koboola ndi msomali, chingwe ndi kamtengo kopondapo. Sopo amangidwe pachingwe pomwepo kuti asasowe, ndipo akatha, phulusa ligwire ntchito kufikira mutagula wina. Sambani kwa masekondi 20 mukachoka kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanaphike ndiponso musanadye. Pabowo la chimbudzi pakhale chivundikiro, muzithiramo phulusa kuti fungo ndi ntchentche zichepe. Abambo, thandala, dzala ndi mpondagiya ndi ntchito ya khasu ndi nkhwangwa, musawasiyire amayi okha.

Wina m'nyumba akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, musadikire kuti kuche. Sungunulani paketi ya ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ikasowa, thirani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodziyo. Wodwalayo azimwa pang'onopang'ono muli panjira yopita ku Kamoto kapena kuchipatala chilichonse chimene muli nacho pafupi, ndipo ngati ndi mwana woyamwa, apitirize kuyamwa.