Kutsuka ndalama zakale popanda kuzigwetsa mtengo

Ndalama yachitsulo ikatuluka m'kachitini ka agogo ili bii, dzanja limathamangira ku phulusa, mandimu kapena Brasso, poti tinakula tikudziwa kuti chitsulo chosamalika ndi chonyezimira. Nzeru imeneyi ndi ya pa poto, ndipo pa ndalama yosunga ndiyo imagwetsa mtengo. Chimene osonkhanitsa ndalama zakale amalipira ndi khungu lake. Posula ndalama, makina amadinda chitsulo mwamphamvu mpaka chimayenderera, n'kusiya timizere tosaoneka ndi maso, ndipo timizereti ndi timene timachititsa kuwala kuzungulira mukaipendeketsa. Tikakwecheka sitibwereranso. Kuda kwa siliva ndi kuderako kwa mkuwa nakonso si litsiro ayi, ndi chitsulo chomwecho chimene chasintha chifukwa cha mpweya, kotero wochotsa mtunduwo akusenda ndalamayo. Chololedwa kuchotsa ndi chimene changokhala pamwamba basi: dothi, mafuta, guluu.

Wina anganene kuti wogula sangadziwe. Amadziwa. Ndalama yopukutidwa ikaikidwa pansi pa nyali ndi galasi lokulitsa zinthu imaonetsa zokandika zambirimbiri zolowera mbali imodzi, ndipo mkuwa woviikidwa mu asidi umayezuka, n'kukhala ndi kufiira kumene ndalama ya zaka 60 singakhale nako. Makampani a ku America oyeza ndalama zakale, monga PCGS ndi NGC, amapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 70, koma akapeza kuti inakwechedwa saipatsa nambala, amangolemba kuti inatsukidwa, ndipo ogula amatsitsa mtengo nthawi yomweyo.

Choncho yambani ndi kuidziwa ndalamayo musanainyowetse. Sambani m'manja, yalani thaulo patebulo kuti ikapulumuka isagundike, ndipo muziigwira m'mphepete mokha, chifukwa thukuta la chala limasiya chidindo chimene chimadzalowerera m'chitsulo. Ijambuleni mbali zonse ziwiri, kenako werengani chaka. Masheleni a ku Britain osulidwa chisanafike 1920 ndi siliva wa magawo 92.5 pa 100, a 1920 mpaka 1946 ndi siliva theka, pamene a 1947 kupita m'tsogolo mulibe siliva n'komwe. Makobidi obowola pakati a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ndi a mkuwa, chimodzimodzi 1 tambala ndi 2 tambala za 1971. Sheleni ya chimanga ndi ya masheleni awiri ya njovu za 1964, zija za nkhope ya Kamuzu, ndi zoyera koma si siliva. Izi n'zofunika chifukwa mkuwa ndiwo suchedwa kusintha mtundu ukakhudzana ndi chilichonse. Ngati ndalamayo ndi ya golide, ikuoneka yosowa, kapena ikadali ndi kuwala kwake kwa poyamba, ntchito yanu yathera pomwepo, isiyeni.

Yotsalayo, imene ili ndi dothi lenileni, iviikeni m'madzi otchezedwa, aja amathira m'batire ya galimoto. Werengani bwino pa botolo, chifukwa asidi wa batire amagulitsidwanso m'mabotolo ofanana. Madzi a pampopi ali ndi kolorini, a pa mjigo nthawi zambiri ali ndi mchere, ndipo zonsezi zimasiya mawanga. Ndalama iliyonse ikhale m'kapu yakeyake kuti zisakhulane, igone usiku wonse kapena masiku angapo, madzi mukusintha tsiku lililonse. Dothi lambiri limasungunuka lokha. Lokakamira pakati pa zilembo mungalisunthe ndi kamtengo kotokosera m'mano kamene mwakafewetsa m'madzi, mukukankha dothi lokhalo ndalama ikadali yonyowa. Singano, phini ndi burashi zikhale kutali. Poumitsa m'pamene ambiri amaonongera ntchito yabwino, chifukwa kamchenga kamodzi kotsalira pa nsalu kamakanda nkhope yonse. Igonekeni pa nsalu yofewa ya thonje, gunditsani nsaluyo pamwamba pang'onopang'ono osakoka, itembenuzeni, mphepo imalize.

Pali zina zimene madzi sangathe, monga guluu wa selotepi, mafuta, ndi zomata zobiriwira zimene zimabwera ndalama ikakhalitsa m'pulasitiki wofewa wa PVC. Mankhwala ake ndi acetone weniweni, osati uja wochotsera utoto wa m'zikhadabo, amene amasakanizamo mafuta ndi zonunkhiritsa. Thirani pang'ono m'botolo lagalasi, chifukwa mapulasitiki ena amasungunuka, ikanimo ndalama kwa mphindi zochepa, kenako itsukuluzeni mu acetone watsopano n'kuisiya iume yokha. Chitani zimenezi panja pamthunzi, kutali ndi mbaula, kandulo ndi fodya, pakuti acetone amayaka msangamsanga. Ena amadabwa kuti tikuletsa mandimu, amene timadya, n'kuvomereza chinthu cha fungo loopsa chotere. Mphuno siyodalirika pa nkhaniyi. Acetone amasungunula mafuta ndi guluu koma chitsulo sachidya, pamene mandimu, viniga ndi Coca-Cola zili ndi asidi wodya khungu lija. Mankhwala otsukira mano, soda ndi phulusa zimagwira ntchito mokwecha, ngakhale zikumveka zofewa pachala.

Kutsutsa kwamphamvu n'kwakuti ndalama zambiri za m'nyumba zathu ndi wamba, zinasulidwa zochuluka, ndiye palibe mtengo woti n'kuuteteza. Izi n'zoona ndithu, ndipo amene akufuna kunyezimiritsa 10 tambala ya Kamuzu kuti akongoletsere pabalaza sanalakwire munthu. Vuto ndi lakuti ambiri amakwecha asanafufuze chaka ndi mtundu wake, pamene yosatsukayo ingathe kutsukidwa tsiku lililonse koma yokwechayo yapita. Ngati mukufuna kuphunzira, phunzirirani pa yomwe muli nazo ziwiri kapena zitatu zofanana.

Chobiriwira cha pa mkuwa chili pawiri. China ndi cholimba, chosalala, chogwirana ndi chitsulo, ndipo chimenecho chimateteza ndalama, ogula amachikonda. China ndi chotuwira, chonyenyeka ngati ufa mukachikhudza ndi kamtengo, ndipo pansi pake pamakhala kadzenje. Ichi chimayamba ndi mchere wolowa m'chitsulo, makamaka pa ndalama zofukulidwa pansi, ndipo chimapitirira kudya nthawi zonse pakakhala chinyezi. Ndalama yotere ipatuleni, ikhale pouma kwambiri, ndipo ngati ndi yofunika ikaonedwe ndi katswiri wosamalira zinthu zakale. Kuipaka mafuta kumangobisa vutolo.

Zikauma, iliyonse ilowe m'kaenvelopu kake ka pepala lopanda asidi kapena m'kachikuto kolimba kopangidwira ndalama, ndipo chaka mulembe pa pepalapo ndalama isanalowemo. Musazikulunge m'nyuzipepala kapena kuzimanga ndi mphira, poti sulfure wa mu mphira amadetsa siliva. M'bokosimo ponyanimo timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo nyengo ya dzinja muzitsegula mwezi uliwonse kuona ngati ufa wobiriwira uja wayambanso pa za mkuwa.