Kusankha Mikono Yonyamulira Mamonita

Anzanga, masiku ano kompyuta si cinthu cacilendo m'cigwa cathu cino ca Domasi. Anthu a ku Domasi College of Education ndi a ku Malawi Institute of Education amagwira nayo nchito, ndipo ana a sukulu ena amaphunzira Computer Studies. Ena amalumikiza mamonita awiri kapena atatu ku kompyuta imodzi, kuti aziwerenga pa ina ndi kulemba pa inzace. Koma mamonita otere amadya malo pa tebulo, ndipo akakhala m'munsi munthu amawerama tsiku lonse, khosi ndi msana nkuyamba kuwawa. Cifukwa cace amisiri anapanga mikono yacitsulo yonyamula monita m'mwamba. Tsono pofuna kugula mkono wotere, tiyenera kuyang'ana zinthu zinai.

Coyamba, tembenuzani monita muone kumbuyo kwace. Mukapeza tizibowo tinai, yesani ndi rula kutalikirana kwace. Pa mamonita ambiri timatalikirana mamilimita 75 kapena 100 mbali zonse. Muyeso umenewu unakhazikitsidwa ndi bungwe la VESA m'caka ca 1997, kuti monita ya kampani ina izikwana pa mkono wa kampani ina. Ngati tizibowo palibe, pafunika kacitsulo kena kolumikizira. Mabauti ace ndi amene amachedwa M4; akatalika kwambiri angathe kuononga za m'kati.

Caciwiri ndi kulemera. Cotsani mwendo wa monita, muiike pa sikelo, ndipo muwerenge pa bokosi la mkono makilogalamu amene ungathe kusenza. Mikono iripo ya mitundu iwiri. Wina ndi mzati woima umene mumamanga kamodzi nkuusiya. Ndi wochipa ndiponso wolimba. Wina uli ndi mpweya wopanikizidwa m'kati, ndipo umakwera ndi kutsika mukangoukankha ndi dzanja. Mtundu waciwiriwu ndi wosankha katundu: monita ikalemera kwambiri umagwa pang'ono-pang'ono, ikapepuka kwambiri umabwerera m'mwamba wokha.

Cacitatu ndi tebulo, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwa. Kumbukirani zimene tinaphunzira m'Physics, kuti mphamvu yopotoza ndi kulemera kuculukitsa ndi mtunda. Monita ya makilogalamu 4 itatambasulidwa masentimita 50 kucokera pa mzati imakoka tebulo kawiri kuposa ikakhala pa masentimita 25. Mukaikapo awiri, mphamvu yonseyo imatsikira pa kamalo kakang'ono pamene copanira cagwira. Thabwa la mlombwa lingapirire bwino, ndiponso la paini wa pa phiri la Zomba ngati liri locindikala. Koma matebulo opangidwa ndi utuci womata amanyenyeka, makamaka akamwa cinyontho ca nyengo ya dzinja. Pa tebulo lofooka ikani kathabwa kolimba pamwamba ndi pansi musanapane. Ngati m'mphepete mulibe pogwira, mmisiri wa matabwa angathe kuboola tebulo kuti bauti lipyole.

Cacinai ndi malo. Monita ya mainchesi 24 iri ndi m'lifupi mwa masentimita oposa 50. Motero awiri afuna malo oposa mita imodzi. Onaninso kuti zigongono za mkono ziri ndi popindikira, pakuti tebulo logunda cipupa limaziletsa.

Mutamanga, khalani mowongoka pa mpando. Mphepete ya pamwamba ya monita ilingane ndi maso anu, kapena itsike pang'ono, ndipo italikire monga kutalika kwa mkono wanu. Ngati mumagwiritsa nchito imodzi kwambiri, ikhale patsogolo peni-peni, inzace pambali. Ngati muwafuna mofanana, akumane pakati pa mphuno yanu, atapendekera m'kati pang'ono. Zingwe musazikoke zolimba, kuti zisaduke mkono ukamayenda.

Nanga wopanda ndalama acite ciani? Asadandaule. Kabenci kakang'ono ka matabwa kamakweza mamonita bwino lomwe, ngakhale sikatembenuka. Cofunika ndi cakuti khosi likhale lowongoka.

Akulu anati, safunsa anadya phula. Musanapereke ndalama m'sitolo ku Zomba kapena ku Blantyre, lembani pa pepala miyeso inai iyi: tizibowo, kulemera, kucindikala kwa tebulo, ndi m'lifupi mwace. Monita ikagwa nkusweka, mtengo wa mkono wochipa uja sudzakutonthozani.

Wophunzira wa Form 3