Tiphike ndi Zotsalira za M'munda

Amayi a kuno ku Bvumbwe, mukudziwa nokha m'mene nkhuni zavutira. Malo ambiri ndi minda ya tiyi, ndipo mitengo ya bulugamu ya m'maesiteti ili ndi eni ake. Makala akukwera mtengo, komanso lamulo la zankhalango limaletsa kuotcha makala ogulitsa popanda chiphaso. Koma tikakolola timatentha mapesi, zitsononkho, mitengo ya nandolo ndi makoko a mtedza, pomwe zonsezi zikhoza kutiphikira nsima.

M'mafakitale amaumitsa zotsalirazi, kuzigaya ndi kuzipanikiza pa makina mpaka zituluke timibulu tolimba tonga chakudya cha nkhuku. Makinawo amafuna magetsi ndi ndalama zambiri. Ife tingathe kuumba mabriketi ndi manja motere:

1. Umitsani bwino zotsalirazo. Zachinyezi zimangofuka utsi.
2. Ziyatseni mu dilamu loboola kunsi. Utsi woyera ukachepa, tsekani pakamwa ndi mabowo onse ndi dothi kuti zipse popanda mpweya. Mukapanda kutseka mupeza phulusa lokhalokha.
3. Zikazizira, zisinjeni mumtondo wosiyana ndi wa chakudya, ndipo musefe.
4. Phikani phala lopyapyala la ufa wa chinangwa. Mbale imodzi ya ufa imakwanira mbale pafupifupi 10 za fumbi la makalalo.
5. Sakanizani, umbani timibulu tonga dzira ndi kuyanika padzuwa mpaka tiume mkati momwe.

Mabriketi ouma bwino safuka kwambiri. Izi nzofunika pa umoyo wathu, chifukwa utsi wa m'khitchini umabweretsa chibayo kwa ana amene timaphika tili nawo kumbuyo. Komabe musagone ndi mbaula yoyaka m'nyumba yotseka. Makala amtundu uliwonse amatulutsa mpweya wosanunkha umene umapha munthu ali mtulo.

Musasese munda wonse. Nthaka nayonso imadya mapesi. Siyani ambiri kuti aphimbe nthaka ndi kusanduka manyowa, ndipo mutenge zolimba zimene zimachedwa kuola, monga zitsononkho.

M'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, Papa Fransisko anatikumbutsa kuti dziko ndi mudzi wa tonse. Namondwe Freddy mu 2023 anationetsa zimene madzi amachita pa mapiri opanda mitengo.

Pa msonkhano wa mphakati ukubwerawu kambiranani: ndani ali ndi dilamu, ndipo mudzayesera pakhomo pa yani?